Wophunzira za Mankhwala ndi Womuyang'anira Kuseri kwa Zenera

Aliyense amene adapitapo ku chipatala cha boma amalidziŵa zenera lomalizira, limene odwala amandandapo akachoka kwa dokotala, kabuku ka kuchipatala kali m'manja. Pazenera limeneli wodwala amapereka kabuku, kudikira pang'ono, kulandira timapepala ta mapiritsi, kumva mawu aŵiri atatu a kamwedwe kake, n'kumapita kwawo. Ambiri sayang'anitsitsa nkhope ya amene akuwapatsira mankhwalawo. Koma pa miyezi ina ya chaka, mnyamata kapena mtsikana wovala khoti loyera amene ali kuseri kwa zeneralo sakhala wantchito wa pachipatalapo ayi. Amakhala wophunzira wa ku koleji amene watumizidwa kudzaphunzira ntchito kwa amene adayamba kale. Nkhani ya lero ikunena za wophunzira ameneyu, ndi zimene iye amayembekezera kwa munthu amene waikidwa kuti amuyang'anire.

Maphunziro a za mankhwala m'dziko muno ali pa magawo angapo. Sukulu ya Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe imaphunzitsa othandiza pa ntchitoyi, ena kwa zaka ziŵiri ndipo ena kwa zaka zitatu. Sukulu ya madokotala ya College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1991, koma maphunziro a digiri ya za mankhwala adayamba kumeneko m'chaka cha 2006. Izi zisadachitike, Mmalaŵi wofuna digiri imeneyi ankayenera kupita kunja. Kuyambira m'chaka cha 2021 sukuluyi ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Womaliza maphunziro saloledwa kugwira ntchito asadalembetsedwe ndi bungwe la boma loona za mankhwala. Pa lamulo la 1988 bungweli lidali Pharmacy, Medicines and Poisons Board, ndipo lamulo la 2019 lidaika m'malo mwake Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Pa magawo onseŵa palibe wophunzira amene amamaliza maphunziro ake ali m'kalasi mokha.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. M'kalasi wophunzira amaloŵeza maina a mankhwala, mmene amagwirira ntchito m'thupi, ndi mulingo woyenera wamkulu ndi mwana. Buku silimuonetsa kalembedwe ka dokotala amene waona odwala ochuluka kuyambira m'maŵa, moti dzanja latopa ndipo zilembo zagundanagundana. Silimuonetsa gogo amene samva bwino ndiponso sadziŵa kuŵerenga, kapena mayi amene wayenda mtunda wautali atabereka mwana, nafika pazenera n'kuuzidwa kuti mankhwala amene alembedwawo adatha mwezi watha. Zoterezi munthu amaziphunzira ataima pambali pa wina amene adakumana nazo kale. N'chifukwa chake ophunzira amagaŵidwa m'zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, m'zipatala za m'maboma ndi za mishoni, ndiponso m'masitolo ogulitsa mankhwala m'matauni.

Dandaulo lalikulu la ophunzira pobwerera ku sukulu kaŵirikaŵiri silikhala la malo ogona kapena ndalama ya chakudya, ngakhale zimenezi nazonso zimavuta. Limakhala lakuti woyang'anira sadaoneke. Dzina lake lidalembedwa pa kalata ya ku koleji, adapatsana naye moni tsiku loyamba, kenaka mkuluyo adaloŵa mu ofesi, kapena adapita ku msonkhano, kapena ku maphunziro a mlungu wathunthu ku nyanja. Wophunzira adasiyidwa kwa aliyense amene adalipo tsiku limenelo, ndipo popeza antchito ndi ochepa pafupifupi pa famase iliyonse, adapatsidwa ntchito imene ena onse amaizemba, ya kuŵerenga mapiritsi ndi kuwalongedza m'timapepala. Ntchito imeneyi si yonyozeka. Munthu wolephera kuŵerenga mapiritsi 30 mosaphonya sangakhulupiriridwe pa zazikulu, ndipo mlungu umodzi wa kulongedza umathandiza maso kuzoloŵera maonekedwe a mankhwala. Koma amene walongedza panado kwa miyezi iŵiri wagwirira chipatala ganyu yaulere, pakuti zonse zimene ntchitoyo ikadamuphunzitsa adazidziŵa pofika tsiku lachitatu.

Wophunzira safuna kuti woyang'anira aziima kumbuyo kwake tsiku lonse. Amafuna kudziŵa kuti ali m'manja mwa yani, ndi kuti akakhala kuti mkuluyo wachoka apite kwa yani. Tsiku loyamba amafuna kuyendetsedwa m'chipinda chosungiramo mankhwala, kuonetsedwa kwa anamwino a m'mawodi, ndi kuuzidwa momveka zimene aloledwa kuchita yekha ndi zimene sayenera kukhudza popanda wina. Ola limodzi limakwanira pa zonsezi.

Chimene ophunzira amachilakalaka koposa, ndiponso chimene akatswiri ambiri sadziŵa n'komwe kuti akuwamana, ndicho kumva maganizo a woyang'anira pamene akugwira ntchito. Munthu amene wakhala pazenera zaka khumi amayang'ana kabuku kamodzi kokha n'kudziŵa chochita, ndipo mafunso onse amene wadzifunsa mumtima satuluka pakamwa. Wophunzira amene waima pambali amangoona dzanja likutenga bokosi. Chitsanzo chabwino ndi mankhwala a malungo a LA. Mulingo wake umatsata kulemera kwa thupi: mwana wa makilogalamu 5 mpaka osafika 15 amamwa piritsi limodzi nthaŵi iliyonse, wa 15 mpaka osafika 25 amamwa aŵiri, wa 25 mpaka osafika 35 amamwa atatu, ndipo wa 35 kapena kuposa amamwa anayi. Onse amamwa kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu, ndipo kumwa kwachiŵiri kumabwera patapita maola 8 kuchokera pa koyamba. Izi wophunzira adaziloŵeza kale. Chimene sadaone n'chakuti woyang'anira, asadatenge bokosi, adasuzumira pazenera, naona kuti thupi la mwanayo silikugwirizana ndi makilogalamu 12 olembedwa m'kabuku, nazindikira kuti kulemerako kudalembedwa chaka chatha. Mwana atabwezedwa ku sikelo n'kupezeka ndi makilogalamu 16, ndiye kuti akadapita kwawo ndi theka la mankhwala omuyenera. Woyang'anira akachita zonsezi mwakachetechete, mwana wathandizidwa ndithu, koma wophunzira watsala monga adaliri. Akatembenuka n'kunena kuti, “Taonani tsiku limene kulemera uku kudalembedwa, tiyeni timuyezenso,” wophunzirayo sadzaperekanso LA kwa mwana asadayang'ane tsiku.

Chitsanzo china n'cholemererapo. Kuyambira m'chaka cha 2019 Amalaŵi ambiri amene ali pa ma ARV amamwa mankhwala okhala ndi dolutegravir. Munthu wotere akadwala chifuwa chachikulu amapatsidwa mankhwala okhala ndi rifampicin, ndipo rifampicin amafulumizitsa chiŵindi kuchotsa dolutegravir m'magazi. Motero wodwalayo amayenera kuonjezeredwa piritsi lina la dolutegravir la mamiligalamu 50, lomwa patapita maola 12 kuchokera pa la tsiku ndi tsiku. Vuto n'lakuti mankhwala aŵiriŵa nthaŵi zambiri amalembedwa m'zipinda zosiyana ndi anthu osiyana. Rifampicin yemweyo amafooketsanso mapiritsi olera. Wophunzira angakhoze mayeso pa zonsezi, komabe osazoloŵera kufunsa wodwala aliyense kuti, “Bambo, kodi pali mankhwala ena amene mukumwa?” Funso limeneli amaliphunzira polimva likufunsidwa tsiku ndi tsiku ndi munthu amene amamulemekeza.

Atamva ndi kuona, wophunzira amafuna kugwira. Pano oyang'anira amalakwitsa m'njira ziŵiri. Ena salola wophunzira kuyandikira zenera mpaka nyengo yake kutha, poopa kuti akalakwitsa mlandu ukhala wawo. Ena amamuika pazenera yekha tsiku lachiŵiri, iwo n'kupita kukachita zina. Wophunzira wanzeru amaopa njira yachiŵiriyi kuposa yoyamba, ngakhale kuti imaoneka ngati ulemu. Chimene amafuna ndicho kukwezedwa pang'onopang'ono: ayambe waonerera, kenaka asonkhanitse mankhwala koma wina awayang'ane asadaperekedwe, kenaka alankhule ndi wodwala woyang'anira akumvetsera, ndipo pomaliza agwire yekha mkuluyo ali pafupi moti angaitanidwe. Mwana amakwaŵa asadayende, koma mwana wosatsitsidwa kumbuyo sakwaŵa n'komwe.

Kulankhula ndi wodwala ndiye gawo limene ophunzira ambiri amadzimva osoŵa. Mabuku awo onse ndi a Chingerezi, pamene zenera limafuna Chicheŵa, ndipo ku Rumphi limafuna Chitumbuka, ku Mangochi Chiyao. Kumasulira mawu a m'buku liwu ndi liwu sikuthandiza. “Katatu pa tsiku” kwa munthu wina ndi m'maŵa, masana ndi madzulo. Kwa wina ndi mapiritsi atatu nthaŵi imodzi kuti asaiŵale. Mankhwala a madzi a ana amayezedwa pa mamililita 5, koma masupuni a m'nyumba sali ofanana, ndipo mayi akangouzidwa kuti “supuni imodzi” angatenge yaikulu yodyera phala. Womwa flagyl ayenera kuuzidwa kuti asiye moŵa, ndipo pali njira yonenera zimenezi kwa bambo wachikulire popanda kumuchititsa manyazi pamzere. Woyamba mankhwala a chifuwa chachikulu akapanda kuchenjezedwa kuti mkodzo usanduka wofiirira, angaganize kuti akukodza magazi n'kusiya mankhwala amene amayenera kumwa miyezi 6. Akatswiri okhalitsa ali ndi mawu awo amene adawasula kwa zaka zambiri, ndipo amadziŵa kupempha wodwala kuti abwereze zimene wauzidwa: “Agogo, tandiuzani, mukafika kunyumba mukamwa bwanji?” Mawu otereŵa sadalembedwe m'buku lililonse, ndipo mwini wake akapuma ntchito amapita nawo kumudzi ngati padalibe wophunzira wowamvetsera.

Tsono pali nkhani ya kudzudzula, imene ndi yaikulu kuposa zonse chifukwa imakhudza moyo wa odwala. Wophunzira aliyense adzalakwitsa. Adzatenga botolo lofanana ndi linzake, adzaŵerenga 5 pamene padalembedwa 0.5, adzalemba dzina la wodwala wina pa kapepala ka wina. Cholinga cha nyengo yophunzira ntchito n'chakuti zolakwa zimenezi zichitike pamene pali diso lachiŵiri lozigwira zisadadutse pazenera. Ophunzira sapempha kuti zolakwa zawo zibisidwe. Ambiri amadandaula ndithu ndi woyang'anira amene amangoti “zili bwino” pa chilichonse, chifukwa amadziŵa kuti sadayang'ane. Chimene amapempha n'chakuti auzidwe tsiku lomwelo, pambali, ndiponso kuti auzidwe cholakwacho ndi choyenera kuchita. Kukalipira wophunzira pamaso pa odwala kumaononga zinthu ziŵiri nthaŵi imodzi. Odwala amene amva amataya chikhulupiriro pa mankhwala amene alandira, ndipo wophunzira amaphunzira kuti chinthu choopsa pa famase ndi mkwiyo wa bwana. Tsiku lina akadzazindikira kuti wapereka mankhwala olakwika kwa mayi amene wangotuluka kumene pachipata, adzayamba waganiza za mkwiyo umenewo. Wophunzira wosaopa amathamanga n'kukanena nthaŵi yomweyo, ndipo mayiyo amapezedwa asadakwere minibasi. Woopa amakhala chete, n'kumapemphera mumtima kuti pasachitike kanthu.

Mwambo wa kuno umaonjezera kulemera pa nkhaniyi. Mwana amaleredwa kuti asatsutsane ndi akulu, ndipo wophunzira amene wauzidwa chinthu n'kusamvetsa amayankha kuti “chabwino, bwana” chifukwa cha ulemu. Akale adati safunsa adadya phula, koma pa famase amene amadya phulalo ndi wodwala. Woyang'anira wodziŵa zimenezi sadikira kuti afunsidwe; amayamba ndiye kufunsa, ndipo funso lake silikhala lakuti “mwamva?” popeza yankho lake limadziŵika kale. Amafunsa kuti, “Mukadakhala nokha mukadachita chiyani, ndipo chifukwa chiyani?”

Palinso mbali ina yovutirapo kuinena. Nzeru za mankhwala zimasintha. Malaŵi idasiya chloroquine ngati mankhwala oyamba a malungo m'chaka cha 1993 n'kutenga SP, amene ambiri amamudziŵa kuti Fansidar, ndipo lidali dziko loyamba mu Africa kuchita zimenezo. M'chaka cha 2007 SP naye adaloŵedwa m'malo ndi LA. Munthu mmodzi angathe kukhala atagwira ntchito pa nyengo zonse zitatuzi. Nthaŵi zina wophunzira wochokera kumene m'kalasi amadziŵa kusintha kumene mkulu wake sadakumve. Chimene amafuna pamenepo si kupambana mkangano. Amafuna kuona woyang'anira akutsegula buku la Malawi Standard Treatment Guidelines n'kunena kuti, “Tiyeni tione limodzi.” Amafunanso kumuona akunyamuka ndi kabuku ka wodwala kupita kwa amene walemba mankhwala kukafunsa mwaulemu ngati mulingowo ndi umene amafunadi. Wophunzira amene sadaonepo wamkulu wake akuchita zimenezi adzakula akuganiza kuti ntchito yake ndi kupereka chilichonse chimene chalembedwa.

Kuseri kwa zenera kuli chipinda chosungiramo mankhwala, chimene odwala sachiona koma chimene chimadya nthaŵi yambiri ya wantchito wa pa famase, makamaka m'zipatala za m'maboma. Ophunzira ambiri amafikako atangomva za icho m'kalasi. Amafuna kuphunzitsidwa kulemba khadi la mankhwala alionse, losonyeza oloŵa, otuluka ndi otsala. Kuika kutsogolo kwa shelefu mankhwala amene atsala pang'ono kutha mphamvu. Kuŵerengera zofunika mwezi wamaŵa poitanitsa ku Central Medical Stores Trust. Amafuna kumvetsa chifukwa chake firiji ya katemera ndi oxytocin iyenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, chifukwa chake kuzizira kwake kumalembedwa m'maŵa ndi madzulo, ndi choyenera kuchita magetsi akazima. Ambiri amadabwa kumva kuti akatemera ena amaonongeka ndi kuzizira kopitirira, moti akaundana sagwiranso ntchito. Mankhwala oopsa monga morphine ndi pethidine ali ndi kabati yawo yokiya ndi buku lawolawo, mmene jakisoni aliyense amalembedwa pamodzi ndi dzina la wodwala. Wophunzira amene adzakhale yekha pa chipatala chaching'ono cha kumudzi chaka chamaŵa amadziŵa kuti zonsezi zidzakhala pa mutu pake, ndipo sipadzakhala womufunsa pafupi.

M'chipinda chomwechi ndi mmene wophunzira amaonera khalidwe la womuyang'anira. Kubedwa kwa mankhwala a boma ndi nkhani imene omvera aimva kambiri, ndipo wachinyamata amene wabwera kumene ndi wosavuta kumugwiritsa ntchito kapena kumukankhira mlandu. Wophunzira amafuna chitetezo pa chinthu chimodzi chomveka: asauzidwe kusaina kuti walandira makatoni amene sadawaŵerenge. M'masitolo a m'tauni mayesero ake ndi ena. Kasitomala amabwera ndi ndalama yokwanira makapisozi anayi okha a amoxicillin, alibe kalata ya dokotala, ndipo akakanizidwa apita ku sitolo ina. M'kalasi wophunzira adauzidwa kuti kumwa mankhwala otere mwachidule ndi kumene kumazoloŵeretsa tizilombo mpaka mankhwalawo kuleka kugwira ntchito. Tsopano amayang'ana kuti aone chimene mwini sitolo achite, ndipo chimene aone n'chimene adzachite iye akadzakhala ndi sitolo yake.

Oyang'anira nawonso ali ndi mbali yawo, ndipo n'kosayenera kuiŵala. Ambiri sadaphunzitsidwepo kaphunzitsidwe. Adapatsidwa ophunzira chifukwa chakuti ndiwo adalipo. Mzere wa odwala suchepa chifukwa chakuti kwabwera ophunzira, ndipo mlungu woyamba wophunzira amachedwetsa ntchito m'malo mofulumizitsa. Ena amalandira ophunzira anayi kapena asanu nthaŵi imodzi m'kachipinda kamene anthu atatu amagundana mapewa. Enanso adakumanapo ndi ophunzira obwera mochedwa, okhalira foni, amene amafuna saini yokha basi. Wophunzira amene amafika nthaŵi yabwino, ali ndi kope ndi mafunso amene waganizira usiku, amapeza kuti ngakhale mkulu wouma mtima amafeŵa.

Komabe zambiri zimene ophunzira amapempha sizilira ndalama kapena antchito oonjezera. Mphindi khumi zenera litatsekedwa, zokambirana odwala aŵiri a tsiku limenelo, zimakwanira. Chizoloŵezi chimene chimawapweteka kwambiri ndi cha buku lolembamo zimene aphunzira. Bukuli limayenera kusainidwa ntchito iliyonse ikachitika woyang'anira akuona, koma kaŵirikaŵiri limasainidwa lonse tsiku lomaliza, masamba makumi aŵiri m'mphindi zisanu, ndipo pamalo a ndemanga pamalembedwa liwu limodzi loyamikira. Wophunzira waulesi amakondwera nazo. Wakhama amabwerera ku koleji osadziŵa ngati amatha kulangiza wodwala kapena ayi, ndipo koleji nayo imalandira pepala losasiyanitsa aŵiriŵa. Pamene koleji yatumiziratu mndandanda wa zimene wophunzira ayenera kuchita, ndipo mphunzitsi wafika pakati pa nyengoyo kudzakhala pansi ndi onse aŵiri, zofooka zimadziŵika pakadali milungu yozikonzera, ndipo woyang'anira amasaina zimene adazionadi ndi maso ake.